Asikh a Johnston: ndalama yowonjezera ndiilembe kwa ndani?

Nagama: Anzanga thandizeni, mutu waima. Chaputala chikufunika Lachisanu ndipo mwini kafukufuku akungondiimbira ngati ndinamubera mbuzi. Nkhani ndi ya asilikali achimwenye (Asikh) a Harry Johnston, woimira boma la Britain m'dziko lomwe lero ndi Malawi, 1891 mpaka 1895. Za £10,000 pachaka zochokera kwa Cecil Rhodes kudzera ku kampani yake ya BSAC (British South Africa Company) tonse tikuzidziwa. Koma Captain Maguire, mkulu wa asilikaliwo, ataphedwa ndi anthu a mfumu Makanjira mu Disembala 1891, Johnston akupempha asilikali ena, ndipo ndikawonkhetsa ndalama zikupyola pamenepo. Yapamwambayo ndiiyike mu kolamu iti, kampani, Foreign Office (unduna wa zakunja wa Britain) kapena India? Masiku atatu ndili ku Archives ku Borrowdale Road kuno ku Harare, ya kombi yandithera, tebulo silikugwirizana.

Angozo: Mwananga, musavutike. Analipira ndi agogo athu. Msonkho wa nyumba, mashilingi atatu. Lembani zimenezo.

Chisale wa ku Mufakose: Achemwali, choyamba onani mmene mukuwerengera zaka. Chaka cha ndalama cha boma la Britain chimayamba Epulo kuthera Malichi. Ine ndinalirapo sabata yathunthu ndi tebulo, kenako ndinapeza kuti ndalama imodzi ndailemba kawiri. Ndipo pepala lililonse lochokera ku India muone ngati akunena mapaundi kapena marupiya.

Nagama: Zaka ndakonza kale achimwene. Vuto lidakalipo.

Che Saidi: Musasakanize zinthu ziwiri. Pali ndalama ya pachaka, pali ina yapadera imene Rhodes anawonjezera kuti Makanjira amenyedwe. Imeneyo iyikeni payokha. Chachiwiri, £10,000 ija sinali ya Protectorate (Malawi wa lero) yokha. Johnston ankayang'aniranso dziko la kampani kumpoto kwa Zambezi, ndiye chikwama chimodzi, mayiko awiri. Nkangano wake ndi Rhodes unagona pomwepo: Rhodes akuti ndalama yanga ikupita kuti, komanso akufuna malo posinthana, Johnston akuti popanda mfuti boma kulibe. Pofika 1895 kampani inatenga chigawo chake kuti iziyendetsa yokha, Protectorate n'kutsala m'manja mwa Treasury, unduna wa zachuma wa ku London. India musaipatse kolamu ya wolipira. Kumeneko kunachokera anthu.

Angozo: Zonsezo ndi za pa pepala. Rhodes anali wamalonda, sangataye khobidi. Msonkho, basi.

Che Saidi: Angozo, ndi ulemu wonse, mu 1892 msonkhowo akanautolera kuti? Kwa Makanjira? Kwa Mlozi ku Karonga, amene anagonja mu Disembala 1895? Ankatolera kumene asilikali afika kale. Msilikali patsogolo, wamsonkho pambuyo.

Angozo: Ndiye mwavomera. Anabwera kudzatani ngati si kudzatolera?

Nachisale: Nagama, chenjezo langa ndi limodzi: kalata yopempha si lisiti. Bwana amene ali pa linga akamalembera akuluakulu ake amakuza adani, amachepetsa anthu ake, kuti amumvere chisoni. Apempha zana, alandira ochepa, mwina afika patatha miyezi. Mukalemba zimene anapempha ngati zimene analandira, wowunika adzakung'ambani. Ine zinandichitikira pa semina, mzungu wina anangofunsa kuti yankho la kalatayo lili kuti, ndinatuluka thukuta pamphuno. Komanso musadalire mafailo a kuno okha, amenewa ndi maso a kampani. Mbali ya boma ili ku Archives ya ku Zomba ndi ya ku Kew ku London.

Nagama: Ku Kew ndipita ndi chiyani amayi, kombi yomwe ikundikanika.

Mbewe: Nkhaniyi ikundikumbutsa 1959. Bambo anga anali telala ku Mbare, nthawi imeneyo akuti Harari. Ankanena kuti Armitage, bwanamkubwa wa Nyasaland, atapempha asilikali, a kuno ananyamuka kupita kwathu, anthu pa lokesheni osagona, aliyense akuganiza za kumudzi. Pa 3 Malichi Kamuzu wagwidwa, n'kudzamutsekera ku Gwelo. Ku Nkhata Bay anthu 20 anafa tsiku lomwelo. Apo ndiye zowerengera ndalama n'zovuta zedi, chifukwa chitetezo chinali pansi pa boma la Chitaganya la Welensky, pamene apolisi anali a Nyasaland. Alipo amene anayesapo kulekanitsa?

Chisale wa ku Mufakose: Musayambe achimwene, ndinasiyira panjira.

Angozo: Ngakhale 1959 yomweyo. Amuna athu akukumba ku Wankie, ku Shabani, akulima fodya m'mapulazi, msonkho akudula uku ndi uku. Mfuti imene inawombera ku Nkhata Bay inagulidwa ndi ndani? Mundiyankhe.

Nachisale: Nagama, jambulani chikuto cha failo iliyonse musanatsegule, nambala yake iwoneke. Futinoti zopanda nambala wowunika sazilandira.

Mbewe: Kodi Loweruka lino kumanda kwa malemu aja ku Mbudzi tikumana nthawi yanji? Magetsi athima, foni ikutha moto.