Khadi la Charizard lafika pashopu, bwana kulibe

Wa ku Randburg: Anzanga ogula ndi kugulitsa katundu wakale, thandizeni msanga. Pabwera mnyamata ndi khadi la masewera a Pokémon, lojambulidwa chilombo chamapiko cholavula moto chija, Charizard. Akuti ndi la 1999, akufuna R15,000. Bwana watuluka, foni sakuyankha. Pakona yapansi palembedwa 4/102. Ndilipire?

Mayi a ku Bellville: Musatulutse ndi kobiri lomwe, achimwene. Nambala ija ndi yoona, Charizard woyamba wa Chingerezi amene anasindikiza a kampani ya Wizards of the Coast mu 1999 ndi wachinayi pa makhadi 102. Koma nambala yokha sigula ufa. Pamwamba HP, nambala ya moyo wa chilombocho m'masewerawo, ndi zingati?

Wa ku Randburg: 120. Pa kamenyedwe kake alemba Fire Spin 100. Wojambula alemba Mitsuhiro Arita.

Mayi a ku Bellville: Ndiye si lija anasindikizanso mu 2016, lomwelo limakhala ndi HP 150 ndipo nambala yake ndi 11/108. Chithunzi ndi chimodzimodzi, n'chifukwa chake ambiri amapusa nalo.

Mkulu wa ku Leeds: Pepani ndalowerera, ndili pa buleki. Ine makhadi amenewa anandiwotchapo chala, ndinagula labodza ndipo bwana anandidula malipiro miyezi iwiri. A 1999 omwewo ali mitundu itatu. Lodula zedi lili ndi kachidindo kakuda ka Edition 1 kumanzere, pansi pa chithunzi. Lachiwiri lilibe kachidindoko, komanso bokosi la chithunzi lilibe mthunzi kudzanja lamanja, azungu amati shadowless. Lachitatu lili ndi mthunzi, linasindikizidwa lambirimbiri. Lija munamva kuti linagulidwa $420,000 mu 2022 linali la mtundu woyamba, a PSA, kampani yoyesa ubwino wa makhadi, atalipatsa 10 pa 10, lopanda ngakhale kokanda. La m'thumba la jinzi silingafikeko.

Wa ku Randburg: Kachidindo kalipo akulu, koma si kakuda. Ndi mutu wa Pikachu, kachilombo kachikasu ka Pokémon kaja.

Mkulu wa ku Leeds: Masaya ake muwaone bwino. Pali 2 ndi 5?

Wa ku Randburg: Eya! Tsaya lina 2, lina 5.

Mayi a ku Bellville: Basi yatha. Limenelo ndi la Celebrations, la 2021, pokumbukira zaka 25 za Pokémon. Anabwereza zonse, ndi 4/102 yomwe. Werengani timalemba tapansi penipeni, mupeza chakacho.

Wa ku Randburg: Ndaonera pagalasi lija timayezera mphete. 2021. Thukuta lonseli!

Mkulu wa ku Leeds: Si labodza ayi, musamunyoze mwanayo, mwina nayenso anauzidwa choncho. Limagulika ndithu, koma pa mtengo wina. Onani pa msika wa pa intaneti wa eBay mitengo ya amene agulidwa kale, osati mitengo imene anthu akungotchula. Muliunikenso ndi tochi ya foni kumbuyo. Lenileni lili ndi kapepala kakuda pakati, kuwala sikudutsa kwambiri. Musaling'ambe kuti muone kapepalako, ena amatero.

Wa ku Randburg: Tochi yakanika kudutsa. Ndamuonetsa chakacho, wangoti kakasi, kenako akuti akafunse m'bale wake amene anamupatsa. Walibwezera m'kapulasitiki kake, wapita. Bwana ndi uyu akuimika galimoto.