Ana a zaka 13 mpaka 17: tiwaphunzitse chiyani za mowa, vape ndi mankhwala a chifuwa?

Mlangizi_Kanyama

Muli bwanji nonse. Kutchalitchi kwathu kuno ku Kanyama atipatsa Loweruka atatu, maola awiri tsiku lililonse, kuti ticheze ndi achinyamata pafupifupi 30 za mowa ndi mankhwala osokoneza bongo. Mawu akuti "mowa ndi woipa, chamba chimapengetsa" anawamva kale kusukulu, ndipo ukawabwereza amangogwetsa nkhope n'kumatsinana. Za vape, fodya wamagetsi uja, ndiye ana akutiposa ife makolo. Inu amene mumadziwa bwino nkhaniyi, tiyambire pati? Ndikufuna zogwirika, zoti mwana akatuluka pakhomo atenge.

Wamankhwala_Kamwala

Amai, yambani ndi masamu. Tolani mabotolo opanda kanthu, muwatsuke, mupite nawo. Limodzi la mowa wa lager, lina la junta (mowa waukali wa m'timabotolo), lina la mankhwala a chifuwa, ndi bokosi la vape. Ana awerenge okha zolembedwapo.

Kuwerenga kwake n'kotere: mamililita, kuchulukitsa ndi peresenti, kenako ndi 0.8, mupeza magalamu a mowa weniweni. Botolo la 340 ml la 5% limapereka 17 ml, amene ndi magalamu pafupifupi 14. Kabotolo ka junta ka 200 ml ka 40% kamapereka 80 ml, magalamu 64. Tsono kabotolo kolowa m'thumba la yunifolomu kaja ndi mabotolo a lager pafupifupi asanu, ndipo mwana amakamaliza mumphindi khumi kuseri kwa kantemba. Chiwindi cha munthu wamkulu chimachotsa magalamu 7 kapena 8 pa ola. Magalamu 64 ndi ntchito ya maola asanu ndi atatu, usiku wonse. Thupi la mwana wa makilogalamu 45 lili ndi madzi ochepa osungunulira mowawo, choncho m'magazi umakwera kuposa wa bambo ake atamwa mulingo womwewo. Boma linaletsa tujilijili mu 2012, koma mowa womwe uja unangosamuka m'mapaketi n'kulowa m'timabotolo ta pulasitiki.

Kachasu alibe chizindikiro, ndiye palibe chowerengera, ndipo mphamvu yake imasiyana botolo ndi botolo. Choopsa kwambiri pa mowa wosadziwika kochokera ndi methanol, amene ena amathiramo kuti ukhale waukali. Sanunkha mosiyana ndi mowa wamba. Munthu amaledzera bwinobwino, kenako patapita maola 12 mpaka 24 mutu umayamba kuwawa, m'mimba kupota, maso kuona mbuu ngati muli nkhungu. Anthu amati ndi matsire, amamugoneka, pamene chiwindi chikusandutsa methanol kukhala asidi wowononga mitsempha ya maso. Matsire saphimba maso. Maso akachita chidima pambuyo pa mowa, n'kuchipatala tsiku lomwelo.

Mankhwala a chifuwa a codeine, monga Benylin imene DEC, bungwe la boma lolimbana ndi mankhwala osokoneza bongo, imalanda kawirikawiri, ambiri amakhala ndi 10 mg pa 5 ml. Botolo la 100 ml ndi 200 mg. Chiwindi chimasandutsa gawo la codeine kukhala morphine, ndipo anthu ena matupi awo amachita zimenezi mofulumira kuposa anzawo. N'chifukwa chake awiri angagawane botolo limodzi, wina n'kungowodzera, wina n'kusiya kupuma. Mwana amene amati "mnzanga amamwa koma sizimuchita kanthu" ayenera kumva mfundo imeneyi.

Pa vape muwaonetse nambala ya 2% kapena 5% pabokosi. 5% ndi 50 mg ya nikotini pa mililita imodzi, ndiye kachipangizo ka 10 ml kali ndi 500 mg. Ndudu imodzi imalowetsa m'thupi 1 mg kapena 2 mg. Si nikotini yense wa mu vape amene amalowa m'magazi, komabe kusiyanako ana akuona okha. Ku Britain ndi maiko a European Union malire ndi 20 mg pa mililita, tsono 5% imene imayenda m'manja mwa ana kuno, kumeneko siloledwa kugulitsidwa. Ndudu imatha, munthu n'kutaya. Vape ilibe pothera, ndipo nikotini wake anamukonza kuti asakande pakhosi, n'kuthiramo fungo la mango kapena chingamu. Mwana amakoka m'chimbudzi, m'basi, m'bulangeti, osadziwa kuti wafika pati.

Namwino_Matero

Masamu a ba Wamankhwala ndi abwino, koma Loweruka limodzi lathunthu mulipereke ku funso ili: mnzako wagwa, uchita chiyani? Pamene mwana akukomoka sipakhala namwino kapena kholo. Pamakhala anzake atatu amantha, amene choyamba kuganiza ndi kubisa.

Zizindikiro zoti uku sikuledzera wamba: sakudzuka ngakhale mumuitane mokweza kapena kumutsina paphewa, akupuma kosakwana kasanu ndi katatu pa mphindi kapena amadukiza masekondi khumi osapuma, akuliza mkonono wachilendo ngati akutsamwa, milomo ndi zikhadabo zatuwa, thupi lazizira, wasanza ali mtulo. Ngati kamwana ka m'diso kachepa ngati nsonga ya singano, ganizirani codeine kapena volo, dzina la heroin m'makomboni. Mowa, codeine ndi mapiritsi ogonetsa monga diazepam zonse zimafooketsa mbali ya ubongo yolamulira kupuma. Zikakumana m'thupi limodzi zimathandizana, ndipo mulingo umene paokha sukanapha umapha.

Kugoneka munthu cham'mbali aphunzire ndi manja, awiriawiri pamphasa, anyamata paokha atsikana paokha. Gwada pambali pake. Mkono wapafupi nawe uutambasulire kumbali, chigongono chopinda. Dzanja lakutali ulibweretse patsaya lake la mbali yako, uligwire pomwepo. Bondo lakutali ulipinde, ulikoke kuti atembenukire kwa iwe. Chibwano uchikweze pang'ono, kamwa liloze pansi kuti masanzi atuluke. Aliyense achite kawiri. Amene wangoonerera amaiwala, makamaka chibwano, ndipo chibwano chikagwera pachifuwa lilime limatseka njira ya mpweya.

Zimene anthu amalakwitsa n'zodziwika. Amamumwetsa mkaka kapena madzi a mchere kuti asanze, koma wokomoka sameza bwino, zimalowa m'mapapo. Amamuthira madzi ozizira, pamene mowa watsitsa kale kutentha kwa thupi, ndipo usiku wa June kapena July kuno ku Lusaka zimenezi zingamumalize. Khofi sachotsa mowa m'magazi. Choipitsitsa ndi chija amati "musiyeni agone, udzatha wokha". Mowa umene uli m'mimba umapitiriza kulowa m'magazi kwa ola lathunthu kapena kuposa atasiya kumwa, ndiye amene mwamugoneka akung'ung'udza angathe kukomoka muli panja. Kwa ana mowa umagwetsanso shuga m'magazi, zomwe zimabweretsa kuphupha ngati wakhunyu.

Wina akhale naye osachokapo, akuwerenga kupuma. Wina athamangire munthu wamkulu ndi galimoto. Kwa inu chapafupi ndi chipatala cha Kanyama, ndipo akaona kuti n'zazikulu amatumiza kuchipatala chachikulu cha UTH. Botolo kapena paketi ya zimene wamwa atenge, ndipo anene zoona. Ngati ndi codeine kapena heroin pali mankhwala otchedwa naloxone amene amabweza kupuma mumphindi zochepa, koma dokotala amafulumira kuwaganizira akauzidwa. Akasiya kupumiratu, mugonekeni chagada, mukanikize pakati pa chifuwa mwamphamvu, ka 100 mpaka 120 pa mphindi, mpaka thandizo lifike.

Makolo nawonso muwaitane, alonjeze pamaso pa ana kuti woitana thandizo sadzamenyedwa usiku umenewo. Popanda lonjezo limeneli zonse ndalembazi ana sazichita.

Mphunzitsi_Chilenje

Ndigwirizana nazo, koma ndichenjezepo pa masamu aja. Wa zaka 13 ndi wa zaka 17 musawaike pamodzi. Ambiri a zaka 13 sanalawepo kanthu, ndipo kuwayalira mitundu yonse ya mankhwala ndi maina ake kumangodzutsa chidwi. Ang'ono muwapatse za mowa, fodya ndi vape basi. Za codeine ndi volo zikhale za akulu, ndipo ngakhale iwo musawauze kasakanizidwe kake kapena kumene zimagulidwa. Masamuwo muwapereke ngati umboni wa mmene wogulitsa amawapusitsira. Akamveka ngati mulingo wololedwa, mwaphonya.

Kuopseza kumalephera pa chifukwa chosavuta: mwana ali ndi maso. Mukati aliyense wosuta chamba amapenga, iye akudziwa malume ake amene amasuta koma amapita kuntchito m'mawa uliwonse, ndipo kuyambira pamenepo zanu zonse ndi bodza. Nenani zoona zake. Si onse amene amadwala misala, koma ngozi imakula kwa woyamba ali wamng'ono, wosuta tsiku ndi tsiku, ndi amene kubanja kwawo kuli matendawa. Ubongo umakhwima mpaka zaka pafupifupi 25, ndipo mbali yodziletsa ndi kulingalira za mawa ndiyo imamaliza. Wina adzanena kuti boma linaloleza chamba. Lamulo la 2021 limalola kulima ndi laisensi kaamba ka mankhwala ndi kafukufuku, kusuta kukadali mlandu. Kugulitsa mowa kwa wosakwana zaka 18 nakonso ndi mlandu.

Pali njira ina imene imagwira ntchito. Mwana aliyense alembe pakapepala, popanda dzina, kuti mwa anzake khumi ndi angati amene akuganiza kuti anamwa mowa mwezi uno. Pakapepala kena alembe ngati iye mwini anamwa, inde kapena ai. Muwerenge pamaso pawo. Kawirikawiri zongoganiza zimaposa zenizeni, ndipo mawu aja akuti "aliyense amachita" amagwa okha.

Kukana nakonso kumafuna kuyeserera. Wopereka botolo nthawi zambiri si junkie wa ku Chibolya, ndi mnzake wa pa desiki limodzi kapena chibwenzi. Achite masewero, wina akakamize katatu, winayo apeze mawu akeake achidule, monga "mawa ndili ndi bola" kapena "chimandidwalitsa", ndi njira yochokerapo osanyoza mnzake. Atsikana muwauzenso kuti chakumwa chimene sanaone chikutsegulidwa asalandire. Kuitana munthu amene anasiya mankhwala kuti apereke umboni ine sindikulimbikitsa kwa ana ang'ono. Amamva nkhani yokoma ya munthu amene anachita zonse n'kupulumuka.

Wamankhwala_Kamwala

Ndinaiwala shisha, fodya amene utsi wake umadutsa m'madzi usanakokedwe. Ana amati madzi aja amasefa utsi. Madzi amangouziziritsa kuti ulowe wambiri osatsokomola. Pamwamba pake pali makala oyaka, ndipo mpweya wake ndi womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Mwana aliyense wa mu komboni nkhani ya mbaula amaidziwa, yambirani pamenepo.

Pa vape onjezani ziwiri. Madzi ake akamwedwa ndi mwana wakhanda ndi poizoni, ndipo amanunkha ngati switi, choncho wobisa vape pansi pa pilo akuika mng'ono wake pangozi. Batire lake ndi la lithium ngati la foni: likatupa, likaphwanyika kapena likatentha pa tchaja lingayake, ndipo silitayidwa pamoto wa zinyalala. Ku America kuyambira 2019 mpaka February 2020 anthu oposa 2,800 anagonekedwa m'zipatala ndi mapapo owonongeka ndipo 68 anamwalira, makamaka chifukwa cha madzi a chamba a mu vape ogulidwa mwamseri, osakanizidwa ndi vitamin E acetate. Chodzazidwa ndi munthu kuseri, palibe amene akudziwa zili m'katimo.

Mlangizi_Kanyama

Zikomo kwambiri nonse, ndalemba. Funso lomaliza kwa ba Namwino: nanga mwana akabwera payekha n'kunena kuti anayamba kale ndipo akulephera kusiya?

Namwino_Matero

Musalonjeze chinsinsi chonse. Muuzeni poyamba kuti simuuza gulu, koma ngati moyo wake uli pangozi mudzafuna munthu wina wothandiza, ndipo mudzamuuza iye musanatero. Kenako funsani modekha: chiyani, kangati pa sabata, anamaliza liti, ndalama amazipeza kuti, ndipo akapanda kumwa thupi limatani. Funso la ndalama lofunika, chifukwa nthawi zina kumbuyo kwake kuli munthu wamkulu amene akumugwiritsa ntchito. Zikatero imbani 116, nambala yaulere ya ana.

Kasiyidwe kamasiyana. Wa vape kapena fodya angasiye lero. Chibaba, ukali ndi kusowa tulo zimafika pachimake masiku atatu oyamba, zimachepa pakatha masabata awiri mpaka anai, ndipo chibaba chilichonse chimabwera n'kupita mumphindi zochepa, ndiye akonzeretu chochita pa mphindi zimenezo. Wa codeine kapena volo amatsegula m'mimba, amatuluka thukuta, mafupa amawawa kwa sabata, ndipo ngozi yaikulu ili pobwerera: thupi likapuma masabata angapo silipiriranso mulingo wakale, akaumwa womwewo angafe. Zimenezi mumuuze mosabisa. Wa mowa wa tsiku ndi tsiku amene amanjenjemera m'mawa asasiye mwadzidzidzi kunyumba, ndipo asatsekeredwe m'chipinda. Angaphuphe m'masiku awiri oyamba, ndipo tsiku lachitatu angayambe kuona zinthu kulibe. Ameneyo ayambire kukiliniki, kumene angamutumize kuchipatala cha Chainama ngati pakufunika. DEC nayo ili ndi nthambi yophunzitsa ndi kupereka uphungu, mungawapemphe abwere Loweruka lachitatu. Popita kukiliniki mupite naye inuyo kapena kholo limene iye wasankha, ndipo mulembe tsiku lobwereranso musanatuluke.