Nthawi yokonza code yakale ikungodyedwa ndi ma feature atsopano

Mtsogoleri wa gulu la ma developer:
Anzanga, ndikupempha nzeru. M'gulu lathu tinagwirizana kuti gawo limodzi mwa magawo asanu a sprint iliyonse (nyengo yaifupi yomwe gulu limadziikira kuti limalize ntchito zomwe lasankha) lizipita ku ntchito yokonza ma bug, kulemba ma test ndi kuyeretsa code yakale, koma sprint ikafika pakati a product manager amabwera ndi feature (chinthu chatsopano choti pulogalamu izichita) yomwe analonjeza kale kasitomala, ndipo gawo lija ndilo limayamba kudyedwa. Pano module (chigawo cha pulogalamu) ya malipiro aliyense akuiopa, chifukwa ukangosintha mzere umodzi ma invoice amatuluka ndi madeti olakwika. Kodi inu nthawi imeneyi mumaiteteza bwanji?

Woyang'anira ma server:
Akulu, pangano la pakamwa lokha silingalimbe, chifukwa a product manager amabwera ndi dzina la kasitomala ndi tsiku lomwe akuyembekezera, pomwe inu mumabwera ndi nkhawa yopanda nambala. Yesani njira ya error budget, yomwe mainjiniya a Google anaifalitsa mu 2016. Mukagwirizana kuti pulogalamu izigwira bwino 99.9 peresenti ya nthawi, ndiye kuti pa masiku 30 muli ndi mphindi pafupifupi 43 zokha zomwe ingalephere. Zikatha, ma feature amaima mpaka vuto litakonzedwa. Chofunika n'chakuti mabwana asainire lamuloli zinthu zili bwino, osati pa tsiku la moto.

Woyesa mapulogalamu:
Ndikuvomereza, komabe vuto la akuluwa silingagwidwe lonse ndi njira imeneyo, pakuti invoice ya deti lolakwika imatuluka server ili yamoyo bwinobwino. Ward Cunningham mu 1992 anayerekeza code yolembedwa mothamanga ndi ngongole, ndipo chiwongoladzanja chake mumachilipira pa mafayilo omwe mumawagwira kawirikawiri. Ena ngakhale ali oipa, ngati palibe amawakhudza, asiyeni. Tsegulani git log, yomwe imaonetsa mbiri ya zonse zomwe zasinthidwa mu code, muone mafayilo omwe asinthidwa kwambiri m'miyezi yapitayi, muwaike pambali pa mndandanda wa ma bug. Omwe akupezeka m'mindandanda yonse iwiri ndiwo oyamba kukonzedwa. Kenako lekani kupempha nthawi yapadera. Feature iliyonse yodutsa mu module ya malipiro iziyesedwa kukula pamodzi ndi ma test ake, ndipo zimenezi zilowe mu Definition of Done, mndandanda wa zofunika kuti ntchito iwerengedwe kuti yatha, kuti wofuna kudula ma test azinena poyera kuti akutulutsa ntchito yosatha. Chomwe ndingakuletseni ndi kulembanso module yonse kuchokera pachiyambi.

Mtsogoleri wa gulu la ma developer:
Zikomo nonse. Ndiyamba ndi git log, ndipo pa retrospective yotsatira, msonkhano wounikira mmene sprint yayendera, ndikapempha kuti ma invoice olakwika aziwerengedwa mu error budget limodzi ndi mphindi zomwe server yagwa.