Mayi amene anyamula filimu yanga akuti ndiwachotsemo, nditani?

A admin, chonde mundibise dzina.

Ndine mnyamata wa ku Ndirande, ndimadyera kujambula maukwati ndi zinkhoswe. Kuyambira chaka chatha ndakhala ndikujambula filimu ya mtsinje wa Mudi ndi ndalama za m'thumba mwanga. Ndinayambira kumtunda ku damu, n'kutsika nawo kudutsa mafakitale a ku Makata, kuseri kwa msika wa Blantyre, mpaka cha ku Manase. Amene mumadutsa pa mlatho wa kumsika mu Okutobala fungo lake mukulidziwa, sindichita kufotokoza.

Kumunsiko ndinapeza mayi ena olima dimba la mpiru ndi repu. Anayankhula mphindi 40 osapunthwa. Anandionetsa mapazi awo mmene asendekera chifukwa choima m'madzi ndi kheni, n'kundiuza kuti akangoona mtundu wa thovu amadziwa kuti lero si tsiku lothirira. Ine amene ndinakulira pafupi ndi mtsinjewu zimenezi sindinkazidziwa.

Dzana andiimbira kuti ndiwachotsemo. Anzawo awaopseza kuti filimu ikangofika pa Facebook palibe adzagulenso ndiwo zawo. Komanso mwana wawo amagwira ganyu ku fakitale ina komweko.

Tsiku lojambula anavomera okha, ndipo mawu awo ovomera ndili nawo. Ndikawachotsa, chotsala ndi madzi akuda ndi ine kulongolola. Funso lina: ndili ndi kanema wa paipi ikulavula madzi a utoto kuseri kwa mpanda wa fakitale ina. Ndiitchule dzina? Ndithandizeni akuluakulu, mutu waima.

Mnzanu wa kamera, Lilongwe:
Anavomera okha, umboni uli nawo. Tulutsa basi aise. Ukamamvera aliyense wosintha maganizo sudzamaliza filimu ngakhale imodzi.

Mayi wa geni, Limbe:
Iwe wa ku Lilongwe, ukudziwa kuti mphekesera imapha geni tsiku limodzi? Nthawi ya kolera mu 2023 anthu ankadutsa benchi langa ngati pali maliro, chonsecho zanga ndimapikula ku Bvumbwe. Mwanawe wofunsa, mayiwo anavomera kucheza ndi mnyamata waulemu wa kamera. Kodi unawauza kuti makasitomala awo adzawaona pa foni akuthirira madzi amenewo? Iwe udzaomberedwa m'manja, iwo adzagona ndi njala. Ndipo taganiza, munthu akaonera adzakwiyira ndani, wotaya zonyansa amene sakuoneka nkhope, kapena mayi amene akuoneka ndi kheni m'manja?

Mtolankhani wopuma:
Achimwene, mayi a ku Limbe anena zoona, sindibwerezanso. Ine ndiyankhe za paipi.

Paipi yotulukira kuseri kwa mpanda si umboni kuti ndi ya mwini mpanda. M'mbali mwa Mudi mumadutsa mapaipi akale a suweji, ena ophulika, ndiye pali ngalande za madzi a mvula ndi zinyalala za kumsika. Mukatchula dzina pongodalira maso, loya wawo adzangofunsa kuti munayeza chiyani, liti, ndani anaona. Mlandu woipitsa mbiri udzakugulitsitsani kamera yomweyo.

Pitani kaye ku labu, ya Malawi Bureau of Standards kapena ku MUBAS, kumene tinkati ku Poly, mukafunse mtengo ndi katungidwe kake. Musatunge m'botolo la Sobo lotola. Mutunge malo atatu: kumtunda kwa paipi, pa paipi penipeni, ndi kumunsi, masiku osiyana, kamera ikujambula. Kusiyana kwa kumtunda ndi kumunsi ndiye nkhani yanu.

Kenako lemberani a MEPA, bungwe la boma loteteza zachilengedwe, ndi a khonsolo ya mzinda, mufunse amene ali ndi chilolezo chotayira madzi oipa mumtsinjewo. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, ndipo lamulo la zachilengedwe la 2017 limanena poyera kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo. A fakitale muwalemberenso kuti ayankhepo. Kalata iliyonse idindidwe kuti yalandiridwa, kope musunge. Akakhala chete, chidindocho muchionetse mufilimu.

Wa ku Kabwe, Zambia:
Ndikuwerenga ndili kuno ndipo zandikhudza. Mgodi wathu wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma fumbi lake likadali m'mabwalo a ku Kasanda, Makululu ndi Chowa kumene ana amasewera. Ojambula abwera ambiri, onse amathamangira ku Black Mountain kukajambula anyamata ofukula zotsalira za mgodi. Zithunzi zimatuluka zoopsa ndithu. Koma chimene chinafikitsa nkhani kukhoti ku Johannesburg mu 2020, pa mlandu wosumira kampani ya migodi ya Anglo American, ndi zotsatira za magazi a ana. Ngakhale zinali choncho kampaniyo ikukana kuti vutoli ndi lake, ndipo mu Disembala 2023 khoti linakana kuti anthu asumire pamodzi ngati gulu. Ndiye inu ndi kanema wa paipi imodzi, dekhani. China, musaike katundu yense pamutu pa munthu mmodzi. Akayankhula anthu khumi pamodzi, amfumu ali pomwepo, wowaloza chala amasowa poyambira.

Mnzanu wa kamera, Lilongwe:
Chabwino, ndagonja pang'ono. Koma usafufute. Mapazi ndi thovu zija zikhoza kutsala popanda nkhope, mawu n'kuwerenga munthu wina.

Mayi wa geni, Limbe:
Dimba lija anthu a m'dera adzalizindikira ngakhale ubise nkhope. Akafunse eni ake.

Wofunsa:
Zikomo nonse. Mayi a ku Limbe mwandilasa, zoonadi sindinawafotokozere za Facebook, ndinangoti ndi filimu. Loweruka ndipita ndi laputopu akadzionere okha, mwana wawo alipo. Akakana ndiwachotsa, ngakhale zikundiwawa. Pali amayi ena ochapa ndi anyamata okumba mchenga amene ndinkangowadutsa, ndiyambira kwa amfumu kuti tikumane pamodzi. Dzina la fakitale ndaliika kaye pambali.

Bambo atolankhani, madzi aja akatungidwa amayenera kufika ku labu pasanathe maola angati? Ndimayenda pa kabaza, ndilibe kula bokosi.