Insert ikungothyoka pa shafti ya EN19 yowotcherera

Wapa lathe (makina osemera zitsulo): Madala ndi anzanga thandizeni. Ndili ndi shafti ya chitsulo cha EN19 yomwe inadyeka pokhala bearing, tinaiwotcherera kuti ndiibwezere pa saizi. Pakati insert (kampeni ka carbide kodulira chitsulo) ikuyenda bwinobwino, zinyenyeswa zikutuluka zopotana zabuluu, koma ikangofika m'mphepete mwa weld imayamba kulira kenako nsonga thyo! Ma insert atatu apita lero. Ndachepetsa sipidi, palibe chasintha. Chitsulo n'chimodzi chomwecho, vuto lili pati?

Wowotcherera: Amwene, mutamaliza kuwotcherera munaiziziritsa bwanji?

Wapa lathe: Mnyamata anaiviika mu ndowa ya madzi, ntchito inali yothamanga.

Mdala wa ng'anjo: Ndi pomwepotu mwana wanga. Dzina ndi limodzi koma mkatimo sichilinso chitsulo chimodzi. EN19 ili ndi carbon pafupifupi 0.4% kuphatikizapo chromium ndi molybdenum, ndiye malo onse amene anatentha kupyola 727°C anayamba kusanduka austenite (mpangidwe wa mkati mwa chitsulo chikatentha kwambiri), inu mwaiviika mwadzidzidzi, carbon yasowa mpata wotuluka, chatsala ndi martensite youma gwa kupitirira 50 HRC (muyeso wa kuuma kwa chitsulo) pomwe shafti yonseyo ili cha m'ma 30. Nsonga ikuchoka pofewa n'kugunda pouma, carbide sipirira kugunda kotero. Tenga tupa uyese, m'mphepete mwa weld ingotsetsereka osaluma, phokoso lake ngati wakhuza galasi.

Wapa lathe: Zoonadi madala, tupa yangodutsa osasiya ngakhale kamzere. Ndigule insert ya CBN, ija yodulira zitsulo zouma kwambiri?

Mdala wa ng'anjo: CBN ingadule inde, koma malo oumawo ndi omwe adzang'ambike shafti ikayamba ntchito. Itenthetse cha m'ma 600°C, ola limodzi pa 25mm iliyonse ya kunenepa kwake, uikwirire mu mchenga wouma kapena laimu izizire yokha, ukatero uone ngati sinapindike. Ulendo wina muziyamba mwaitenthetsa mpaka 300°C musanayatse arc.

Wa CNC (makina oyendetsedwa ndi kompyuta): Kungowonjezera, musapyoletse moto poganiza kuti kufewa ndiye kukoma. Mild steel (chitsulo cha carbon yochepa) yodzadza ferrite, mpangidwe wofewa wa chitsulo, imamatirira pansonga ngati phula, kenako chomatacho chimachoka ndi kachidutswa ka insert, finishi n'kukhala yokalika. Tempered martensite, yomwe imabwera mukatenthetsa monga mdala akunenera, imadulika bwino kuposa pamenepo.

Wapa lathe: Shafti yagona mu mchenga usiku onse, m'mawa uno tupa yaluma paliponse. Insert imodzi yamaliza ntchito yonse ndipo ngodya ina sindinaikhudze. Shafti inangopindika pang'ono, ndawongola pa press. Zikomo madala, ndowa ija ndaichotsa pafupi ndi benchi yowotcherera.