Ndiyambe ndi liwiro lotani pa mpikisano wanga woyamba wa makilomita 21?

Nachisale, Chilomoni:
Ndakhala ndikuthamanga m'mamawa kwa miyezi inayi, ndipo mtunda wautali umene ndafikapo ndi makilomita 16, kuchoka ku Chilomoni kudzera ku Ginnery Corner mpaka ku Chichiri n'kubwerera. Ndalembetsa mpikisano wa makilomita 21 ndipo ndikulakalaka kumaliza m'maola awiri ndi mphindi 15. Vuto langa ndi lakuti ndikakhala pagulu ndimanyamuka ndi phuma, kenaka pofika kilomita ya 10 miyendo imalemera ngati ndaimangirira njerwa. Inu amene munathamangapo, mumaigawa bwanji mphamvu?

Bambo Phiri, Ndirande:
Mayi Nachisale, yambani ndi masamu. Mtunda umenewu ndi makilomita 21.1, choncho mukufunika mphindi 6 ndi masekondi 24 pa kilomita iliyonse. Komabe makilomita atatu oyambirira muwathamange pa mphindi 6 ndi masekondi 40, ngakhale anthu azikudutsani mbali zonse mpaka manyazi kukugwirani, chifukwa masekondi amenewo mudzawabweza mosavuta kutsogolo. Ine ulendo wanga woyamba ndinatsatira anyamata ena amene ananyamuka ngati akuthawa galu, ndipo kilomita yoyamba ndinaimaliza m'mphindi 5. Pofika kilomita ya 14 ndinali ndikuyenda nditagwira m'chiuno pafupi ndi siteji, oitanira minibasi akundiuza kuti mpando wakutsogolo ulipo. Ngakhale akatswiri amasunga mphamvu: pamene Kelvin Kiptum anathamanga makilomita 42.195 m'maola awiri ndi masekondi 35 ku Chicago mu 2023, theka lachiwiri analithamanga mofulumira kuposa loyamba.

Bambo Banda, Machinjiri:
Masamu a Bambo Phiri ndi olondola, koma sindikugwirizana ndi kukhulupirira wotchi kwambiri mu mzinda wa zitunda ngati uno. Aliyense amene anakwerapo msewu wa Chileka kuchoka ku Kameza kulowera m'tauni akudziwa kuti kukakamira liwiro limodzi pamenepo n'kudzipha. Pachitunda fupikitsani mapazi, lolani wotchi inene mphindi 7 kapena kuposerapo, ndipo mverani mpweya wanu: ngati simungathe kulankhula chiganizo chathunthu kwa amene ali pambali panu popanda befu, ndiye kuti mwathamangitsa. Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti mtsetse ndi umene umawononga kwambiri, pakuti minofu ya kutsogolo kwa ntchafu imagwira ntchito ya mabuleki, ndipo ululu wake umadzaonekera pa makilomita omaliza pamene mukuifuna kwambiri. Tsikani modekha, osaponya mapazi patali.

Nachisale, Chilomoni:
Zikomo kwambiri abambo nonse. Nanga ndidzayambe liti kuwonjezera liwiro, popeza sindinapyolepo makilomita 16?

Mayi Nangozo, Limbe:
Achemwali, musawonjezere kanthu musanafike kilomita ya 16, chifukwa kupitirira pamenepo thupi lanu lidzakhala m'dera lachilendo. Mukadzaona kuti mpweya ukadali bwino, sankhani munthu mmodzi amene ali patsogolo panu, mumupeze pang'onopang'ono, kenaka musankhe wina. Pamalo pomwera madzi musachite manyazi kuyenda masekondi ochepa kuti mumwe bwino, m'malo modzithira m'mphuno. Ngati mpikisanowo uli m'nyengo yotentha ya Okutobala, chotsani m'maganizo za mphindi 15 zija ndipo muwonjezere masekondi 15 kapena 20 pa kilomita iliyonse kuyambira pachiyambi.