N'chifukwa chiyani Mario Andretti amalemekezedwa kuposa anzake amene anapambana Indianapolis 500 kanayi?

Wophunzira umakaniko, Luchenza

Moni nonse akuluakulu. Ine ndine mnyamata amene ndikuphunzira kukonza magalimoto pa galaja ina kuno ku Luchenza, ndipo ndayamba kutsata mipikisano ya magalimoto aja a mpando umodzi amene matayala ake amakhala panja osaphimbidwa. Chiyambireni nkhani yoti kampani ya magalimoto ya Cadillac ya ku America ikulowa mu Formula One, mpikisano wa dziko lonse wa magalimoto oterewa, kuyambira 2026, dzina la Mario Andretti likumveka paliponse, ndipo ambiri amamutchula ngati dalaivala woposa onse amene dziko la America linakhalapo nawo. Chimene chikundizunguza mutu n'chakuti mpikisano waukulu wa kwawoko, Indianapolis 500, anapikisanamo maulendo 29 koma anapambana kamodzi kokha, mu 1969, pamene A. J. Foyt, Al Unser, Rick Mears ndi Hélio Castroneves aliyense anapambana kanayi. Kodi ulemu wonsewu ukuchokera pati? Ndikupempha amene mukuidziwa bwino mbiri yake kuti mundiunikire.

Makaniko wa pa Chitakale, Mulanje

Mphwanga, wafunsa bwino, ndipo poti uli pa ntchito yathu yomweyi ndikuyankha monga munthu wogwira sipanala. Choyamba udziwe kuti Indianapolis ndi mpikisano wa tsiku limodzi pa chaka, kumapeto kwa Meyi, pamene magalimoto 33 amazungulira bwalo la mamayilosi awiri ndi theka maulendo 200 kuti akwanitse mamayilosi 500, omwe ndi makilomita oposa pang'ono 800. Pa mtunda wotalika choncho, injini ikulira mosapuma kwa maola atatu, kachitsulo kakang'ono kamene ungakabise m'dzanja kangathe kugwetsa munthu amene wayendetsa bwino kuposa onse. Ndiye kuwerenga zikho za tsiku limenelo lokha sikungakuuze zonse za dalaivala.

Taona zimene zinachitika mu 1987. Andretti anayambira kutsogolo kwa onse, n'kutsogolera maulendo 170 mwa 200 aja, moti panalibe wina womuyandikira. Kutatsala maulendo pafupifupi 20 injini inafooka, galimoto n'kuyamba kukwawa kulowera kwa amakaniko. Tsoka silinunkha. Roberto Guerrero anatenga utsogoleri, koma nayenso galimoto yake inazima ataima kuti athire mafuta, ndipo amene anapambana anali Al Unser, pa galimoto ya chaka cham'mbuyo imene masabata ochepa chabe m'mbuyomo inali kuonetsedwa kwa alendo mu hotela ina ku Pennsylvania. Chimenecho ndicho chikho chachinayi cha Unser chimene wachiwerengacho. Sindikumuchepsa Unser, pakuti kusunga galimoto mpaka pamapeto ndi luso lenileni, koma aliyense amene anaonera tsiku limenelo amadziwa amene anali ndi liwiro.

Ngakhale kupambana kwake kwa 1969 kunabwera movutikira. Pa masiku oyeserera, galimoto yatsopano ya Lotus imene amayenera kuyendetsa inathyoka habu ya tayala lakumbuyo, n'kuomba khoma, moto n'kumutentha kumaso. Anabwerera ku galimoto yapadera yotchedwa Brawner Hawk, yosamalidwa ndi amakaniko Clint Brawner ndi Jim McGee, napeza nayo malo achiwiri poyambira. Chifukwa cha mabala a motowo, mnzake wobadwa naye mapasa, Aldo, ndiye anaima m'malo mwake pa chithunzi cha madalaivala atatu a mzere woyamba. Pa mpikisano weniweniwo injini inali kutentha, ndipo tayala lakumbuyo la kumanja linakana kuchoka pamene amafuna kulisintha, kotero kuti linayenda mamayilosi onse 500. Munthu woyendetsa galimoto yotero amayenera kuimva m'thupi mwake, kudziwa pamene angaipanikize ndi pamene ayenera kuipumitsa.

Koma yankho lenileni la funso lako lili kunja kwa Indianapolis. Andretti anatenga ukatswiri wa chaka chonse wa magalimoto amenewa ku America kanayi, mu 1965, 1966, 1969 ndi 1984, napambana mipikisano 52. Mu 1967 anakalowa mwa eni ake a magalimoto olemera a denga a NASCAR n'kuwalanda Daytona 500 pa galimoto ya Ford. Anapambana mpikisano wa maola 12 wa ku Sebring katatu, napambananso wokwera phiri la Pikes Peak mu 1969, nthawi imene msewu wake unali wafumbi. Kenako mu 1978 anakhala katswiri wa dziko lonse mu Formula One. Mpaka lero palibe munthu wina amene anatenga zitatu izi pamodzi, Indianapolis 500, Daytona 500 ndi ukatswiri wa Formula One. Magalimoto amenewa amasiyana kulemera, mabuleki, matayala ndi kagwiridwe ka chiwongolero, ndipo madalaivala ambiri aluso amathera moyo wawo wonse pa mtundu umodzi.

Ine ndimakhulupirira kuti gwero la zonsezi ndi mabwalo adothi kumene anayambira. Pa dothi galimoto siigwira pansi, imayenda chopingasa pokhota, ndipo dothilo limasintha pamene mpikisano ukupitirira. Anyamata athu a njinga zamoto za kabaza amene amadutsa m'misewu ya katondo ya m'minda ya tiyi nthawi ya dzinja amachidziwa chinthu chimenechi, kuti tayala lakumbuyo likayamba kutsetsereka suponda buleki mwamantha koma umaliwongola ndi mafuta. Wophunzira pa malo otero akafika pa phula amakhala atadziwa kale chilankhulo cha matayala.

Mphunzitsi wopuma ntchito, Thyolo Boma

Bambo a ku Chitakale afotokoza za zitsulo, ine ndiwonjezereko za munthuyo, chifukwa ulemu umene amalandira sungamveke popanda kudziwa kumene anachokera. Mario Andretti anabadwa pa 28 Febuluwale 1940 ku Montona, m'dera la Istria, limene panthawiyo linali mbali ya Italy. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha deralo linaperekedwa kwa Yugoslavia, ndipo lero tawuniyo ili mu Croatia, imatchedwa Motovun. Mu 1948 banja lawo linasiya zonse n'kukakhala mu msasa wa othawa kwawo ku Lucca, kumene linakhala zaka zisanu ndi ziwiri. Ife a ku Thyolo ndi ku Mulanje amene tinalandira abale athu a ku Mozambique nthawi ya nkhondo ya kwawo tikudziwa kuti mwana wokulira mu msasa amayamba moyo ali kumbuyo kwa anzake motani.

Ali komweko ku Italy, mu 1954, iye ndi Aldo anapita ku Monza kukaonera mpikisano, naona Alberto Ascari, ngwazi ya dzikolo, ndipo mtima wawo unakhazikika pa ntchito imeneyi. Chaka chotsatira banjalo linasamukira ku Nazareth, ku Pennsylvania, kumene anyamatawo anapeza bwalo ladothi pafupi ndi kwawo. Anakonza galimoto yakale ya Hudson ya 1948, ndipo mu 1959 anayamba kupikisana mosinthana, bambo awo osadziwa. Chinsinsicho chinaululika kumapeto kwa chaka chomwecho pamene Aldo anachita ngozi yoopsa n'kugona chikomokere m'chipatala. Mario anapitiriza ngakhale bambo ake anakwiya kwambiri, ndipo anakhala nzika ya America mu 1964. Chaka chotsatira, pa ulendo wake woyamba ku Indianapolis, anamaliza wachitatu pa mpikisano umene anapambana Jim Clark wa timu ya Lotus.

Apa m'pamene anadziwana ndi Colin Chapman, mwini wa Lotus, amene anamulonjeza galimoto ya Formula One akadzakonzeka. Mu 1968 ku Watkins Glen, ku America, pa mpikisano wake woyamba wa Formula One, Andretti anathamanga kuposa onse pa mayeso n'kuyambira patsogolo. Kupambana kwake koyamba kunachitikira kuno ku Africa, pa bwalo la Kyalami pafupi ndi Johannesburg, mu 1971, akuyendetsa Ferrari, m'zaka zimene amuna ambiri a m'maboma athu ano anali ku migodi ya ku Joni.

Chimene chimandikhudza mtima kwambiri ndi tsiku limene anatenga ukatswiri wa dziko lonse. Munali mu Sepitembala 1978, pa bwalo lomwe lija la Monza kumene anaonera ali mwana. Mpikisano utangoyamba magalimoto ambiri anaombana, ndipo mnzake wa mu timu ya Lotus, Ronnie Peterson wa ku Sweden, anathyoka miyendo koopsa. Anthu ankayembekeza kuti achira, koma anamwalira m'chipatala m'mawa mwake. Motero chimene Andretti anachilakalaka kwa zaka 24 chinabwera pamodzi ndi maliro a bwenzi lake, ndipo panalibe chikondwerero. N'zomvetsa chisoni kuti Phil Hill, Mmereka yekhayo amene anatenga ukatswiriwu iye asanatero, anautenganso pa Monza pomwepo mu 1961, tsiku limene mnzake wa mu timu ya Ferrari, Wolfgang von Trips, anafa pa ngozi. Mwana wanga wa ku Luchenza, ukamawerenga mbiri ya anthu amenewa uzikumbukira kuti m'zaka zimenezo madalaivala ankaika anzawo m'manda kawirikawiri, ndipo kukhala pa ntchitoyi zaka zoposa 30 monga anachitira Andretti sichinali chinthu wamba.

Mayi woyendetsa lole, Bvumbwe

Bambo aphunzitsi ndi bambo amakaniko, ndawerenga mwaulemu zonse mwalemba, koma mundilole ndisiyane nanu pang'ono, chifukwa ndikuona kuti A. J. Foyt sakupatsidwa malo ake. Foyt anapambana mipikisano 67 ya magalimoto a mpando umodzi ku America, kuposa 52 ya Andretti, natenga ukatswiri wa chaka kasanu ndi kawiri. Nayenso anayambira pa dothi, nayenso anapambana Daytona 500, mu 1972, ndipo mu 1967 anapambana mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans, ku France, pamodzi ndi Dan Gurney, chikho chimene Andretti anachisakasaka mpaka ukalamba koma n'kuthera pa malo achiwiri mu 1995. Ngati tikunena za kuyendetsa galimoto ya mtundu uliwonse, Foyt sachepa. Anangosankha kusapita kukapikisana mu Formula One ku Ulaya.

Chachiwiri, ukatswiri wa 1978 unabwera pa galimoto imene inali patsogolo pa zinzake zonse, Lotus 79, ndipo Peterson, amene ambiri ankamuona ngati wothamanga kwambiri m'nthawi yake, anasayina mgwirizano wokhala wachiwiri mu timuyo. Ine amene ndimakhalira chiwongolero ndimadziwa kuti dalaivala amaoneka waluso msanga galimoto ikakhala yabwino. Kumene ndimamumvera chisoni Andretti ndi ku Indianapolis mu 1981, pamene Bobby Unser, mkulu wake wa Al Unser, anafika woyamba koma analangidwa m'mawa mwake chifukwa chopitirira magalimoto mbendera yachikasu, yochenjeza za ngozi ndi yoletsa kupitirirana, ili m'mwamba, Andretti n'kulengezedwa wopambana, kenako mu Okutobala chigamulocho chinasinthidwa, Unser n'kubwezeredwa chikho atalipitsidwa madola 40,000. Kusunga munthu miyezi inayi akudziyesa wopambana n'kudzamulanda si chilungamo, kaya woyenera anali ndani.

Makaniko wa pa Chitakale, Mulanje

Mayi a ku Bvumbwe, za Foyt sinditsutsa ngakhale pang'ono, ndipo ku America komweko mtsutso wa anthu awiriwa sunathe. Koma pa nkhani ya Lotus 79 ndikupempha tionenso bwino. Pamene Andretti anakhazikika ku Lotus mu 1976, timuyo inali itagwa, galimoto yake inali yosadalirika, ndipo iye anagwira ntchito ndi Chapman chaka chonse mpaka anapambana mpikisano womaliza wa chakacho ku Fuji, ku Japan, kukugwa chimvula. Kenako kunabwera Lotus 78, imene m'mbali mwake munapangidwa ngati phiko la ndege lotembenuzidwa, ndi timapepala tolimba totsetsereka pa phula totsekera mpweya kuti usalowere m'mbali. Mpweya wodutsa pansi umathamanga, mphamvu yake yokankha n'kuchepa, ndipo galimoto imakokeredwa pansi, motero imakhota pa liwiro limene ena sangayerekeze. Nzeruyo inali ya Chapman ndi mainjiniya ake monga Peter Wright, koma woiyesa pa bwalo n'kuwauza chimene galimoto ikuchita anali Andretti, amene anabweretsanso luso la ku mabwalo ozungulira a ku America losintha kukula kwa matayala ndi kulemera kwa ngodya iliyonse ya galimoto. Mu 1977 anapambana nayo mipikisano inayi, kuposa wina aliyense chaka chimenecho, koma injini zinkamufera. Choncho galimoto yabwino ya 1978, chaka chimene anapambana mipikisano isanu ndi umodzi, sanaipeze itapsa kale, anaiphika nawo. Kupambana kwake ku Zandvoort, ku Netherlands, chaka chimenecho ndiko komaliza kwa dalaivala wa ku America mu Formula One kufikira lero.

Ndipo pali umboni wina umene sudalira Lotus. Mu 1982, Ferrari itataya Gilles Villeneuve pa ngozi ndipo Didier Pironi atavulala koopsa, inaitana Andretti, ali ndi zaka 42, kuti adzayendetse ku Monza galimoto ya injini ya turbo imene anali asanapikisanepo nayo. Anayambira patsogolo pa onse n'kumaliza wachitatu. Atabwerera kwawo analowa timu ya Paul Newman ndi Carl Haas, natenga ukatswiri wa 1984, ndipo pambuyo pake anayendetsa mu timu imodzi ndi mwana wake Michael, amene anakhala katswiri mu 1991. Mpikisano wake womaliza kupambana unali ku Phoenix mu Epulo 1993, ali ndi zaka 53, ndipo anasiya magalimoto amenewa kumapeto kwa 1994. Mphwanga wa ku Luchenza, ukapeza data yokwanira usake kanema wa Indianapolis ya 1985, uone pamene Danny Sullivan akumupitirira, galimoto ya Sullivan n'kuzungulira yokha pamaso pa Andretti osagunda khoma, ndipo uyang'anitsitse mmene Andretti anaizembera mu utsi wa matayala pa liwiro limenelo, asanamalize wachiwiri.